Timizere Tinayi pa Kompyuta ya a Josiah

Anthu ena amavutika ndi minda, ena ndi ana, koma a Josiah Mulepa ankavutika ndi kompyuta. Chinali chimkompyuta chakalekale cha bokosi lachitsulo loima pansi pa tebulo, chimene esiteti ya tiyi inawapatsa popuma ntchito ya ukalaliki. Ukachiyatsa chinkayamba chalira ngati chigayo cha dizilo, kenako n'kukhala phee, kuganiza kaye ngati lero chikufuna kugwira ntchito. A Josiah ankachilemekeza kuposa alendo. Ankachifunditsa nsalu yoluka, ndipo munthu wodya chinangwa sankaloledwa kuchiyandikira.

Bambowa anagwira ntchito pa tiyi zaka makumi atatu ndi ziwiri osalawako ngakhale dontho. Ndi mkulu wa mpingo wa Adventi, ndipo kwa iwo tiyi ndi mowa zimangosiyana kapu. Kunyumba kwawo, m'chigwa cha kumunsi kwa minda ya tiyi njira ya ku Khwethemule, amamwa madzi otentha a udzu wa mandimu. Ine ndinamwako kamodzi, sindinabwererekonso.

Vuto linali intaneti. Alamu awo a Lackson, mlongo wa akazi awo amene amakhala ku Joni, anawatumizira karauta, kabokosi kogawa intaneti, pamodzi ndi kachipangizo kobaya pakompyuta kuti kazikoka waifayi. Koma pakona ya sikirini pankangooneka kamzere kamodzi, nakonso kobwera n'kumapita. Ena timati mabala a netiweki, koma a Josiah sankalola mawu amenewo m'nyumba mwawo, kuopa kuti odutsa angamve mkulu wa mpingo akudandaula kuti mabala achepa. Iwo ankati timizere.

Lamlungu lina masana, banja likudya kalongonda pakhonde, a Josiah anatsokomola kutsokomola kwawo kwa paguwa, n'kulengeza kuti matenda a kompyuta awapeza. Anati akhala akulemba kuseri kwa kalendala kwa milungu isanu, ndipo aona kuti Lachiwiri ndi Lachinayi lililonse, ikangokwana hafu folo, timizere timakwera kufika tinayi n'kukhala choncho mphindi makumi anayi. Dzina la netiweki nalonso limasintha, limakhala MasambaAwiri. Nanga ndani sadziwa kuti tiyi wabwino amathyola masamba awiri ndi nsonga? Ndiye kuti ndi netiweki ya kampani, mabwana amaitsegulira anthu opuma ntchito kawiri pamlungu.

"Kampani sinandiiwale," anatero, m'maso muli timisozi.

Akazi awo, a Sellah, anayamika Ambuye. Mwana wawo Tabita, namwino wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, anatsamwa ndi kalongonda.

A Josiah anadikira kuti amalize kutsokomola, n'kupitiriza. Popeza Lachinayi netiweki imakhala bwino, agwirizana ndi a Lackson kuti alankhulane pavidiyo hafu folo, moonana nkhope, pa nkhani ya Gideoni. Gideoni ameneyu ndi mphunzitsi, woyambitsa nyimbo kutchalitchi, ndipo wakhala akumuzungulira Tabita chaka chathunthu ndi tayi yake. Kuno kwathu bambo angalankhule mpaka mawu kusasa, koma mwana wamkazi sakwatiwa malume ake asanavomere. A Lackson akangoti inde Lachinayi, abale a Gideoni abwera kudzafunsira mbeta.

Tabita anati akufuna madzi, n'kulowa m'nyumba.

* * *

Tinene zoona, kampani inawaiwala a Josiah kalekale. MasambaAwiri linali dzina la hotisipoti ya foni ya Fabiano.

Fabiano ndi mnyamata wa ku Bvumbwe, wamtali, woseka msanga. Ndi Mkatolika, limenelo ndi vuto loyamba. Vuto lachiwiri ndi ntchito yake: amalawa tiyi kufakitale. Munthu kudzuka m'mawa, kusamba bwinobwino, kupita kukaika mkamwa tiyi wa makapu zana, mwezi ukatha n'kulandira malipiro. Anakumana ndi Tabita tsiku limene anapita kuchipatala atapsa lilime, ndipo poti sankatha kulankhula bwino tsikulo, Tabita anamuyesa munthu wofatsa. Pofika nthawi ino chibwenzi chinali ndi miyezi isanu ndi itatu, chobisa.

Ankakumana kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mapeyala wobisika ndi nthochi, Lachiwiri ndi Lachinayi hafu folo, Tabita akanena kuti akukathyola ndiwo kudimba. Pamenepo ndi pakamtunda, pokhapo pogwira netiweki pakhomo ponsepo. M'nyumbamo makoma ndi a njerwa ziwiri, denga lamalata, foni iliyonse ikalowamo imafa. Fabiano akafika ankayatsa hotisipoti kuti Tabita aone zithunzi ndi mameseji ake. Ndiye nthawi ya msonkhano wa misasa wa mpingo, makolo atachoka, Tabita analumikiza kompyuta ya bambo ake ku hotisipotiyo kuti atumize makalata a sukulu. Chimkompyuta choiwala chilichonse, ngakhale tsiku la mwezi, chinasunga pasiwedi imeneyo mumtima. Kuyambira pamenepo Fabiano akangofika pamtengo, icho chinkamuzindikira.

Panalinso kanthu kena, kamene Tabita sankafuna ngakhale kukaganizira. Madzulo a Lamlungu ankati akukaona wodwala ku Bvumbwe. Wodwalayo anali Teleza, mchemwali wake wa Fabiano, mayi wathanzi wosadziwa ngakhale mutu, ndipo kumeneko mwana wa mkulu wa mpingo ankamwa tiyi wamkaka m'chikapu chachikulu.

Lamlungu limeneli sanapite. Anakwera pakamtunda paja n'kulemba meseji: "Lachiwiri usalephere. Tagwidwa ndi kompyuta."

Yankho linabwera pompo: "Kompyuta yomwe ija? Ija singagwire ngakhale nkhuku yomanga miyendo."

* * *

Lachiwiri Tabita atamufotokozera zonse, Fabiano anaseka mpaka kugwira mtengo. Ankati akasiya, n'kukumbukira zoti kampani sinawaiwale, n'kuyambiranso. Kenako anatulutsa foni n'kuzimitsa hotisipoti kuti aone ngati n'zoona. Sipanathe mphindi, m'nyumba munamveka mawu a a Josiah akuti zathawa, ndi phokoso la dzanja likumenya bokosi lachitsulo. Awiriwo anabwatama kuseri kwa nthochi.

Monong'ona, Fabiano anati matenda a kompyutayo ndi a mphindi zisanu. Karauta kali m'chitini cha mabisiketi, m'kabati, kuseri kwa mbale, kumene a Sellah anakabisa kuopa fumbi ndi akuba. Kachipangizo kokoka waifayi kabayidwa kumbuyo kwa bokosi lachitsulo, koyang'ana khoma. Kungotulutsa karauta n'kukaika pawindo, kachipangizo n'kukabaya kutsogolo, basi. Tabita anamuuza kuti nzeru zimenezo azisunge m'thumba. Chimene akufuna n'chakuti Lachinayi asabwere. Popanda iye palibe netiweki, popanda netiweki palibe vidiyo, ndipo amalume sanena inde.

Fabiano anavomera msanga. Anavomera msanga kwambiri, ndipo ndi chimene chinamukwiyitsa Tabita. Anamukumbutsa kuti kuyambira nthawi ya mango wakhala akunena kuti atumiza amalume ake kudzafunsira mbeta mwezi wamawa, ndipo mwezi wamawawo sukufika.

"Tiyi umamudziwa ukangomulawa kamodzi," anatero Tabita. "Ine miyezi isanu ndi itatu ukulawabe?"

Fabiano anakanda m'mutu. Anati si kuti sakufuna, koma bambo a Tabitawo akamupatsa moni pamsewu amamuyang'ana ngati thumba la fodya. Anavomera kuti amawaopa, ndipo akangoganiza zoima pamaso pawo n'kutchula ntchito yake, malovu amauma, chinthu choopsa kwa munthu wodyera lilime.

Tabita sanaseke. Zinamupweteka kwambiri kuti munthu amene amamukonda angathe kuima mu mvula kumudikira, koma sangathe kugogoda pachitseko.

"Lachinayi usabwere," anatero. "Ndipo ngati mantha ake ndi amenewa, Lachiwiri usavutikenso."

Ananyamuka mokwiya ndi dengu lopanda kanthu. Atafika pakona ya nyumba anakumbukira, n'kubwerera kudzathyola nkhwani pang'ono osamuyang'ana.

* * *

A Josiah sanakondwe kuti netiweki ya kampani inathawa nthawi isanakwane, choncho Lachitatu anaitanitsa Gideoni. Gideoni ali ndi satifiketi ya kompyuta ya kosi ya milungu iwiri, ndipo anabwera nayo m'chikwama, mwina poganiza kuti kompyuta ifuna kuiona.

Anazimitsa n'kuyatsa katatu, ulendo uliwonse onse akudikira chigayo chija chilire. Anagwada pansi pa tebulo n'kuuzira mpweya m'timabowo tonse, fumbi n'kumubwerera kumaso. Atadzuka anati vuto ndi dongo. A Sellah, amene ankaonerera pakhomo, anakwiya. Anati nyumba ino ndi ya simenti, amakolopa m'mawa uliwonse, dongo lichokera kuti? Zinatenga nthawi kuti amvetse kuti dongo ndi dzina la kachipangizo kaja, ndipo ngakhale atamvetsa, anangoti azungu alibe ulemu potchula zinthu.

Gideoni anapempha sefa ya ufa n'kuimangirira kuseri kwa bokosi kuti izisonkhanitsa mphepo ya netiweki. Kamzere kanakhalabe kamodzi. Anafunsa kuti rauta ili kuti, a Sellah n'kuyankha kuti ili pabwino, palibe angaikhudze. Gideoni anati zili bwino. Pomaliza anayang'ana kunja, kumene chiperoni chinali chitaphimba minda ya tiyi, n'kugamula kuti netiweki yanyowa.

Komatu nsanje imamuphunzitsa munthu zimene kosi ya milungu iwiri siphunzitsa. Gideoni ankadziwa kuti ofesi ya esiteti ili kuseri kwa zitunda ziwiri, pamene waifayi imalephera kudutsa ngakhale bwalo la sukulu. Ndiye MasambaAwiri imafika bwanji kuno? Anati akukaona kumene mphepo ikuchokera, n'kuzungulira kuseri kwa nyumba. Pansi pa mtengo wa mapeyala anapeza udzu wogona, njerwa ziwiri zoikidwa moyandikana, ndi mapazi a nsapato zazimuna. Anaima pamenepo kanthawi, mtima ukuwawa, chifukwa naye Tabita ankamufunadi.

Zimene anaonazo anawabisira a Josiah. Anangoti mawa abweranso kudzathandiza. Potuluka anakumana ndi Tabita pakhonde.

"Mlongo Tabita, ndiwo za kudimba kwanu zimathyoledwa ndi anthu awiri?"

"Mbale Gideoni, sefa ya amayi mwaisiya pakompyuta. Akufuna kusefa ufa."

* * *

Lachinayi a Josiah anavala jekete ya pa Sabata. A Sellah anamanga duku latsopano kuti mlongo wawo aone kuti akusamalidwa. Gideoni anakhala chapambali ndi tayi yofiira, Tabita pakampando kufupi ndi chitseko. Onse anali m'kachipinda ka kompyuta, kamene windo lake lili kumbuyo kwa mpando wa a Josiah, kuyang'ana ku mtengo wa mapeyala.

Hafu folo inakwana. Kamzere kamodzi. A Josiah anayang'ana wotchi, kalendala, wotchi kachiwiri. Anati mwina mabwana ali pamsonkhano. Tabita anapuma mpweya waukulu, akuganiza kuti wapulumuka.

Koma kamzere kamodzi kaja, kamene masiku onse kamalephera kutsegula ngakhale chithunzi, tsiku limenelo kanalimba mtima. Vidiyo inalowa. A Lackson anaoneka pasikirini, pakamwa pali yasa, atauma ngati chithunzi cha pachiphaso. Mawu ankabwera tizidutswa. A Josiah anafotokoza nkhani ya Gideoni mokuwa, kuyambira satifiketi mpaka mawu ake oimbira, ndipo anaibwereza katatu.

Ku Joni kuja a Lackson anafunsa kuti, koma Tabitayo akumufuna? Chimene chinafika ku Thyolo chinali: "...Tabita... ...kumufuna..." Chithunzi chinadumpha, mutu wa a Lackson n'kutsika n'kukweranso, n'kuumanso.

A Josiah anatembenuka, nkhope ikuwala.

"Mwamva nonse. Akuti Tabita akumufuna, ndipo agwedeza mutu. Avomera."

Apa Tabita anazindikira. Nzeru zake zomwe zinali kumugulitsa. Netiweki yabwino ikanaulula chinsinsi chake, koma yoipayi inali kumukwatitsa amalume ake asananene kanthu. Anatola dengu n'kunena kuti akukathyola ndiwo. Amayi ake anafunsa kuti ndiwo nthawi ino, pakati pa nkhani yake yomwe? Iye anali atatuluka kale.

Ankathamangira pakamtunda kuti akatumize meseji, koma sanafunike kulemba. Fabiano anali pansi pa mtengo, jekete itanyowa ndi chiperoni, manja m'matumba. Anati wakhala pamenepo kuyambira folo koloko. Za netiweki wamvera, hotisipoti ndi yozima, koma miyendo yakana kumvera.

"Yatsa," anatero Tabita.

"Unati ndisa..."

"Yatsa, Fabiano. Ababa akumva inde pamene amalume sananene inde."

Fabiano anayang'ana windo lija. Gideoni anali m'katimo akudikira chomwechi, ndipo Fabiano ankadziwa kuti akayatsa ndiye kuti zobisala zatha. Mantha anali nawo ndithu, ine sindingamunamizire kulimba mtima kumene analibe. Koma anatulutsa foni n'kuyatsa.

* * *

M'nyumba timizere tinakwera, kamodzi, tiwiri, titatu, tinayi. A Lackson anasungunuka n'kuyamba kuyenda, mawu ali mbee.

"Alamu, ndikufunsa kachinayi tsopano. Mwanayo mwamufunsa?"

A Josiah anayamba kuyamikira kampani, osaona kuti mpando wa Gideoni uli wokha. Gideoni anali atazemba kale. Anatulukira pa nthochi, n'kumugwira Fabiano pakolala, n'kuyamba kumukoka kuzungulira nyumba kupita kukhomo lakumaso, Tabita akutsatira pambuyo ndi dengu lake. Akamatalikira mtengo, timizere tinkatsika. Pamene ankalowa m'kachipindamo, a Lackson anali ataumanso, diso limodzi lotsinzina.

"Abambo," anatero Gideoni akupuma wefuwefu, "kampani yanu ndi iyi."

A Josiah anayang'ana mnyamata wonyowayo, foni ili m'manja mwake, sikirini, kenako kalendala ija ya Lachiwiri ndi Lachinayi. Munthu amene anakhala kalaliki zaka zonse zija sachedwa kuphatikiza zinthu. Anamvetsa zonse nthawi imodzi, za ndiwo, za hafu folo, ndi zoti palibe bwana aliyense amene ankawakumbukira. Chomalizachi ndi chimene chinawalasa kwambiri, ndipo Tabita ataona nkhope yawo anamva chisoni kuposa mantha.

Ndiye a Josiah anayang'ananso alamu awo otsinzina diso aja, nkhani ili pakati.

"Mbale Gideoni, munthuyu mwamutenga pati?"

"Pansi pa mapeyala, abambo."

"Kam'bwezereni pomwepo."

Sanafike pamtengo penipeni. Atayesa apa ndi apo, anapeza kuti Fabiano akaima kunja kwa windo, dzanja la foni atalikweza m'mwamba, timizere timakwana tinayi. Akatsitsa pang'ono, timatsala tiwiri. A Josiah anamuuza kuti asatsitse.

A Lackson atasungunukanso anasuzumira pafupi ndi kamera, n'kufunsa kuti amene waima pawindo ngati wapolisi wapamsewuyo ndani. Kenako Tabita anaika dengu pansi, n'kugwada pafupi ndi tebulo. Anati ameneyo ndi Fabiano, wa ku Bvumbwe, ndipo akhala akudziwana miyezi isanu ndi itatu.

Apa a Josiah anaphulika. Anati mnyamatayu amamudziwa bwino. Ndi Mkatolika, ndipo ngati zimenezo sizokwanira, ntchito yake ndi kumwa tiyi kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Mwana wa mkulu wa mpingo akwatiwe ndi munthu amene magazi ake ndi tiyi yekhayekha?

Fabiano, dzanja lili m'mwamba, madzi akutsikira m'khwapa, anapeza mawu amene anawasowa miyezi yonse ija.

"Pepani bambo, sindimeza. Ndimalawa n'kulavula. Zaka zisanu ndi zinayi pantchito, sindinamezepo kapu imodzi. Ndipo mwana wanuyu ndimamukonda. Ndikanabwera kalekale pakhomo lakumaso, koma ndimakuopani."

A Lackson anaseka mpaka kamera kugwedezeka. Anawakumbutsa alamu awo kuti nawonso adya za tiyi zaka makumi atatu ndi ziwiri, jekete avalayo ndi tiyi, kompyuta akulankhuliranayo ndi tiyi. Wina amalemba tiyi, wina amalavula tiyi, kusiyana kwake kuli pati? A Sellah anabisa pakamwa ndi nsonga ya chitenje. Kenako a Lackson anasiya kuseka n'kumufunsa Tabita kuti anene yekha amene akumufuna.

"Fabiano, amalume. Mbale Gideoni ndi munthu wabwino, koma ndikamuona ndimangokumbukira nambala ya nyimbo."

Gideoni anayang'ana tayi yake.

A Lackson anagamula kuti nkhani ya Gideoni iime. Abale a Fabiano abwere Lamlungu la mlungu wamawa, za mipingo akambirane akuluakulu. Tabita anamva misozi ikubwera, ndipo kunja kuja dzanja la Fabiano linatsika ndi chimwemwe mpaka a Josiah anachita kumukalipira kuti akweze.

Koma a Josiah sanathe. Anati avomera chifukwa mawu omaliza ndi a malume, koma pali chinthu chimodzi. Ngati mnyamatayu anam'phunzitsapo mwana wawo kumwa tiyi kumbali, ndiye kuti ndi wophunzitsa chinyengo, ndipo nkhani yathera pomwepo. A Lackson anati pamenepo akugwirizana nawo, tiyi alibe naye mlandu, koma bodza ayi. A Josiah anatembenuza mpando kuyang'ana pawindo.

"Achimwene, mwana wangayu munam'mwetsapo tiyi?"

Fabiano anatsegula pakamwa. Tabita anamudumpha.

"Ayi, ababa. Ngakhale dontho."

* * *

Dzanja la munthu si mlongoti, linafika potopa. Fabiano anapempha mwaulemu kuti awakonzere zenizeni: atulutse karauta m'chitini cha mabisiketi, akaike pawindo, dongo alibaye kutsogolo kwa bokosi. A Sellah anafunsa kuti za chitini chawo wazidziwa bwanji, koma palibe anafuna kuyambitsa mlandu wachiwiri. A Josiah anati zimenezo adzakonza abale ake akadzabwera, munthu sayamba kutsegula makabati a eni asanakhale mkamwini. Pakali pano akadali ndi zokambirana ndi alamu awo.

"Inu muzipita," anatero. "Foni itsale."

Anaisanjika pamwamba pa chitseko cha windo, pa njerwa, ndipo timizere tinakhazikika tinayi. Fabiano anatsanzika mogwada pang'ono, n'kumuponyera Tabita diso la munthu amene wapambana, n'kuyamba kutsetsereka njira ya kumsewu akupukusa phewa lowawalo. Tabita ankangomwetulira yekha. Kwa nthawi yoyamba chikondi chake chinali ndi tsiku pakalendala ya bambo ake.

A Lackson anali akufunsa za denga lodontha pamene foni ija inanjenjemera n'kuwala. A Josiah anadzidzimuka, poganiza kuti ndi chenjezo lakuti netiweki ikutha. Magalasi owerengera anali kuchipinda, choncho anapempha Gideoni, amene anali pafupi ndi windo, kuti aone chimene chalembedwa.

Gideoni anasuzumira. Anawerenga kamodzi chamumtima, n'kukonza tayi. Kenako anawerenga mokweza, ndi mawu ake aja oyambitsira nyimbo, omveka mpaka kubenchi lomaliza.

"Yachokera kwa Teleza. Akuti: Achimwene, muwauze alamu anga a Tabita asakwiye, chikapu chawo chachikulu chija ndachipeza. Lamlungu abwere monga mwa nthawi zonse. Mkaka ulipo, ndipo masamba a tiyi munabweretsa aja ndi omwe amawakonda."

A Sellah anakhala pansi. A Josiah sanakuwe. Anangotembenuka pang'onopang'ono kuyang'ana mwana wawo.

"Chikapu chachikulu, Tabita?"

Patali, pa msewu wodutsa m'minda ya tiyi, Fabiano anatembenuka n'kukweza dzanja kubayibitsa, osadziwa kanthu. Tabita anayang'ana pakona ya sikirini, akupempha mumtima kuti mwina netiweki yadula, mwina amalume auma, mwina ku Joni kwangofika tizidutswa. A Lackson anali akuyenda bwinobwino, atavula magalasi, osasekanso. Timizere tinali tinayi.